Ndinapita ku Luwawa kukagula nsomba, ndinabwerako ndi bango

Ndinanyamuka pa Mzimba boma Loweruka m'mawa, chigubu cha malita makumi awiri m'manja, mtima ukuvina. Ine wogulitsa kaunjika pamsika ndinali nditakumbitsa damu langa la nsomba kuseri kwa dimba. Lolemba mmisiri amabwera kudzadula bango lonse ndi kuyala miyala m'mphepete, kuti damu lioneke ngati la pa loji. Miyalayo, malole awiri, ndinali nditainenerera kale mpaka wogulitsa anatsala pang'ono kulira. Chotsala chinali mbewu ya nsomba, ndipo ndinamva kuti mayi wina kufupi ndi Luwawa, a NyaMoyo, ali nayo yabwino.

Kondakitala wa minibasi ya ku Jenda anati K6,000.

"Achimwene, ine nditsikira panjira. Folo sauzande."

"Nanga chigubucho chikwera ulere, adada?"

"Chikhala pamiyendo. Ndi mwana wanga."

Tinamvana pa K5,000, ndipo mwanayo anandifinya mawondo njira yonse.

Cha m'ma naini ndinatsika pa mphambano ya Luwawa. Kuzizira kwake! Ndinagula chimanga chootcha, cholinga chenicheni chili chofunditsa zala. Wa kabaza wa njinga yamoto anandinyamula pa K4,000, titakangana mpaka tonse kuseka. Msewu wafumbi unalowa m'mapaini, chifunga chikadali m'zigwa, lole ya matabwa ikutipatsa fumbi laulere. Ine kumbuyoko ndinkangowerenga chambo changa cha chaka chamawa.

A NyaMoyo ndinawapeza atavala magambutsi, ali pakati pa madamu awo awiri. Lina linali ndendende loto langa: miyala yoyalidwa bwino, madzi oyera. Linalo linali tchire, bango ndi matope okhaokha.

"Monire amama. Ndikufuna nsomba za mu loyerali. Koma mtengo wanu ndinamvawo, tidule pakati."

"Yewo, tengani," anatero.

Apa ndiye ndinachita mantha. Zaka zonse zomwe ndakhala pamsika, wogulitsa akavomera msanga chonchi, ndiye kuti jekete lili ndi chibowo kukhwapa.

"Amama, chibowo chili pati?"

Anaseka, n'kuvuula mwala umodzi m'damu loyeralo, n'kuutembenuza. Pansi pake panali bii ndi tinkhono tating'ono tosongoka, topanikizana ngati anthu m'minibasi ija.

"Izi si zakuno," anatero. "Dzina lake sindilidziwa. Zinabwera m'chidebe pamodzi ndi nsomba zomwe malemu bambo a kuno anagula kutali. Miyala anayala okha, ankanyadira chomene. Mbwenu nkhonozi zinapeza nyumba. Zakwathu zinasamuka."

"Zakwathu ziti?"

Ananditengera ku damu la tchire lija, n'kupisa sefa yakale ya ufa m'mizu ya bango. Abale, munali msika! Kankhanu kanatukula zala zake kufuna kundimenya. Tizilombo tamiyendo yaitali, tina tothamanga chagada, nyongolotsi zofiira, ndi china chamaso otuzuka chonyansa ngati kasitomala wobweza katundu.

"Ameneyo ndi mwana wa tombolombo," anatero. "Akakula amakwera pa bango kuti atuluke mapiko. Nkhanu imafuna dothi lokumba una. Pa mwala ikumba ndi chiyani? Tizilombo timeneti ndiye ndiwo za nsomba. Uku ndimathira madeya pang'ono. Uko ndimathira mpaka mkono kuwawa, nsomba zake ngati zala."

Ndinagwada m'matopemo, thalauza langa labwino la mu belo loyamba, ndikupisa sefa mobwerezabwereza ngati mwana. Nkhonozo zinalimo ndithu, koma imodzi apa, ina apo, zosowa polamulira.

Nthawi ya nkhomaliro anandipatsa mbatatesi yophika ndi tiyi. Kenako ndinachita chinthu chomwe anzanga apamsika asamve: ndinalipira mtengo wonse, osadula ngakhale kwacha imodzi. Nsomba anazichotsa mu damu la bango, madzi a m'chigubu anawasefa pa nsalu kawiri, n'kuyang'anitsitsa kuti musalowe kankhono.

Komabe chizolowezi ndi matenda.

"Nanga basela, amama?"

Anazula mtolo wa bango ndi mizu yake, n'kuutsuka muzu umodziumodzi.

"Bango ndili nalo kale kwathu," ndinadandaula.

"Mukabzale pomwe mwayamba kudula. Anthu a miyala mumayamba mwadula kaye musanafunse."

Ananena zoona. Ngodya imodzi ya damu langa ndinali nditaisenga kale Lachinayi.

Netiweki inagwira pa mtunda wina tikubwerera. Ndinamuimitsa wa kabaza n'kuimbira mmisiri.

"Lolemba musabwere."

"Nanga miyala ija, bwana?"

Ndinafika pa boma dzuwa likupendeka, nsomba zonse zamoyo, bango paphewa, matope mpaka m'mawondo. Ndaphunzira kuti chinthu choyera chimafunika kuchitembenuza kaye, ngati mmene ndimachitira ndi jekete.

Miyala ija ikadali pakhomo panga, malole awiri. Amene akumanga maziko a nyumba abwere. Mtengo tikambirana, koma ndikuchenjezeni: mwini wake ndi wovuta.