Kugogoda Kawiri pa Bedi la Adalaiva

Pa nyumba ija palibe amene ankamutchula dzina lake. Onse ankangoti Akondakitala, ngakhale kuti chibadwire sadagwirepo ntchito m'basi. Adali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wolankhula motsitsa mawu. Ntchito yake idali yosamalira odwala ndi okalamba m'makomo mwa anthu. Adayambira pa mayi ake omubereka, amene adagona zaka zambiri asanatisiye. Maliro atatha adapeza kuti sukulu idamudutsa, mwamuna adalowera kwina, koma manja ake adali atadziwa kutembenuza munthu osamupweteka. Adadyera manja omwewo, nalerera momwemo mwana wake mmodzi wamkazi.

Dzinalo adalipezera kwa mkulu wina amene adayendetsa mabasi moyo wake wonse. Matenda adawaumitsa mbali imodzi ya thupi, nawalanda mawu. Mwana wawo wamwamuna adawatengera kwake, nawagoneka m'chipinda chakumapeto, momwe mudali bedi lachitsulo, kabati ya zovala yokhala ndi galasi pachitseko, ndi zenera loyang'ana kumsewu. Osamalira ena adabwera, nalephera. Mkuluyo ankakana kudzuka. Ukawagwira m'khwapa ankaumitsa thupi ngati thabwa, maso ali kudenga.

Poyamba nayenso zidamukanika. Tsiku lina, atatopa, adatsamira kumiyendo kwa bedi, supuni ya mankhwala imene idali m'manja mwake n'kugunda chitsulo kawiri mwangozi. Mkulu uja adatembenuza maso, nayang'ana pagalasi la kabati, dzanja lamoyo lija likufufuza pabulangete ngati likusaka giya. Mayiyo adasuntha pang'ono kufikira maso awo adakumana m'galasimo. Adagogodanso kawiri.

"Tiyeni, adalaiva, yadzadza."

Adalaiva adatsitsa phazi pansi.

Kuyambira pamenepo chipinda chija chidasanduka depoti. Kugogoda kawiri kudali kunyamuka, kamodzi kudali kuima. Kubafa kudali siteji yoyamba, pampando wa pazenera siteji yomaliza. A m'nyumbamo ankaseka, nawonso n'kumayesa kugogoda Lamulungu iye akapita kokapuma, koma Adalaiva sankasuntha. Za galasi palibe adaziona. Dalaiva weniweni sanyamuka asanamuone kondakitala wake m'galasi, ndipo Kondakitala sadaganize kuti ndi nkhani yoti n'kufotokozera munthu.

"Akondakitala, lero yanyamuka?" ankafunsa mayi a m'nyumba, mpongozi wa mkuluyo, akamathamangira kuntchito.

"Yanyamuka, mayi, koma tayala lakumanzere likuvutabe."

"Inu ndiye mwatithandiza. Si inu wantchito ayi, ndinu wa m'banja mwathu muno."

Mawu amenewo ankawatenga kupita nawo kunyumba ngati phukusi. Zaka zidapita choncho. Adalaiva ankawameta ndevu, kuwadzoza mafuta kumsana, kuwatenthetsera manja ake m'madzi ofunda asanawakhudze. Akawakhazika pazenera, basi ikamadutsa yolira moipa, Adalaiva ankakwinya nkhope, iye n'kuwayankhira: "Ameneyo laisensi adachita kutola."

Malipiro ankabwera pafoni mwezi ukatha. Tsiku lina foni idalira iye akuwawenga zikhadabo. Adayang'ana, nayang'ananso. Ndalama zidali zoperewera kwambiri. Adati mwina alakwitsa potumiza, ndipo adadikira. Palibe adanena kanthu. Mwezi wotsatira zidabweranso zoperewera chimodzimodzi.

Adawapeza mayi aja kukhitchini akutsuka makapu.

"Mayi, ndimati ndifunseko za malipiro."

Mayiwo sadatembenuke. "Bambo sanakuuzeni? Kuntchito kwawo zinthu zavuta. Komanso agogowa masiku ano amangogona, ndiye tinaona ngati ntchito yachepako."

"Munthu akamagona kwambiri m'pamene amafuna kutembenuzidwa pafupipafupi, mayi."

"Tinkati mumvetsa, poti ndinu wathu."

Madzi adapitiriza kutuluka pampopi. Kondakitala adatenga beseni lake, nabwerera kuchipinda chakumapeto.

Kwawo ankakhala ndi mwana wake ndiponso mng'ono wake, amene ankakolopa m'chipatala china ndipo pakamwa pake sipankauma. Mwini nyumba imene ankachita lendi adali atayamba kupereka moni wautali pakhomo. Mwana uja adasiya kupita kokaphunzira kusoka, akuti makina akumupweteketsa maso, koma onse ankadziwa chifukwa chake.

"Wa m'banja, eti?" adatero mng'onoyo akuvula nsapato. "Ndiye akupatseni chipinda ndi gawo la nyumbayo. Asisi, inu mumasambitsa bambo a eni, eni akewo n'kumakusambitsani inu chokweza. Mawa tikupita ku ofesi ya zantchito."

Ku ofesiko adakhala pabenchi lalitali pamodzi ndi alonda ndi ophika. Amene adawalandira adali mayi wotopa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Adamvetsera mpaka kumapeto.

"Malipiro ndi pangano la anthu awiri," adatero. "Mmodzi sangalisinthe yekha. Ankayenera kukuuzani nthawi ilipo, inu n'kuvomera kapena kukana. Zimene adulazo n'zanu. Koma mukapitiriza kulandira muli chete, mawa adzati mudavomera."

"Nanga ndikakana, sangandichotse?"

"Ntchito angathe kuithetsa, koma motsata njira yake, ndi notisi, ndi zanu zonse m'manja. Akakana kulipira, mudzabwere tidzawaitane."

Kondakitala adayang'ana zala zake. "Nanga wodwala uja?"

"Ameneyo m'mabuku athu ano mulibe, mayi."

Padapita masiku angapo. Nkhaniyo adaitula Loweruka lina m'mawa, atawapeza bambo a m'nyumba akutsuka okha galimoto, poti wogwira ntchito panja adali atamuchotsa kale. Adanena zonse, osakweza mawu, manja ali kumbuyo.

Bamboyo adafinya chinsanza nthawi yaitali. "Mwakandisumira, Akondakitala?"

"Sindinakusumireni, bambo. Ndinangopita kukafunsa. Mukanandiuza, mwina tikanakhala pansi."

"Ndinkachita manyazi," adatero, maso ali pathayala. "Munthu amene amasambitsa bambo anga, ndikamuyambe bwanji?"

Sadali munthu woipa. Galimoto ija idagulitsidwa, ndipo zonse zimene zidadulidwa zidalowa pafoni, osatsala kanthu. Madzulo a tsiku lomwelo adamuitana pabalaza, namuuza mwaulemu kuti akumupatsa notisi. Malipiro akale sakadawakwanitsa. Kudzabwera msuweni wa mayi, mayi wamasiye wopanda kokhala, amene adzasamalira agogo posinthana ndi chipinda ndi chakudya.

"Mwapambana, asisi," adatero mng'ono uja. "Bwanji nkhope ngati mwaluza?"

Kondakitala adamufotokozera za galasi, koyamba kuuza munthu.

Mng'onoyo adaomba m'manja kamodzi. "Ndiye musawauze. Agogode mpaka supuni ipindike. Akalephera adzabwera okha pakhomo pano atagwada, malipiro akale ali m'manja. Mwana wanuyu abwerere kumakina."

Msuweni uja adafika ndi chikwama chimodzi. Adali wamtali, wamantha, wofuna kuphunzira. Kondakitala adamuonetsa kapindidwe ka mapilo, nthawi ya mankhwala, malo opaka mafuta. Za galasi adakhala chete. Mayi a m'nyumba adalamula kuti msuweniyo ndiye azidzutsa agogo, kuti azolowerane. M'mawa uliwonse ankaima kumutu kwa bedi, kumene galasi silifika, n'kumagogoda.

"Tiyeni, adalaiva. Chonde, adalaiva."

Adalaiva ankayang'ana m'galasi, osaonamo munthu, n'kubwezera maso kudenga. Tsiku lonse ankathera pabedi. Kondakitala ankatuluka kukachapa zofunda, n'kumazitikita mpaka zala kuwawa.

Tsiku lake lomaliza lidafika. Powatembenuza kuti awapukute, adaona pachiuno pawo malo ofiira, ang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Adadinapo ndi chala, kufiirako osachoka. Ankadziwa kumene malo otere amathera, poti adaziona pa mayi ake.

Adawakonza bwinobwino, nawameta ndevu, ngakhale kuti silidali tsiku lake lometa. Kenako adamugwira msuweni uja m'mapewa, namuyendetsa mpaka kumiyendo kwa bedi.

"Imani apa. Ayi, sunthani pang'ono. Mukuwaona m'galasimo?"

"Ndikuwaona."

"Nawonso akuoneni. Musagogode asanakuyang'aneni. Sanyamuka ndi munthu amene sakumuona."

Adalaiva adatembenuza maso. M'galasi mudali nkhope ziwiri, ndipo maso awo adalumpha yachilendoyo, nakhazikika pa imene ankaidziwa. Kondakitala adawayang'ana pang'ono. Kenako adaika supuni m'manja mwa msuweni, nabwerera m'mbuyo mpaka msana wake udagunda khoma, pomwe galasi silikadamuonetsa.

Maso a mkuluyo adamufunafuna m'ngodya zonse za galasilo. Milomo idagwedezeka mbali imodzi. Kondakitala sadasunthe pakhomapo. Patapita nthawi maso aja adatopa, nabwerera pa mayi wamtali amene adaima pamalopo.

Msuweni adagogoda kawiri. "Yadzadza, adalaiva."

Dzanja lidafufuza pabulangete. Phazi lidatsika pansi.

"Adzuka! Akondakitala, taonani, adzuka!"

"Agwireni m'khwapa, mbali yakumanzere," adanong'ona iye. "Mukafika pampando mugogode kamodzi."

Sadatsanzike kwa Adalaiva, poopa kuti angawasokoneze. Adatenga chikwama chake kuseri kwa chitseko cha khitchini, momwe mudali epuloni ndi nsapato zake zapulasitiki. Mayi a m'nyumba adamuperekeza mpaka pageti, akulira, nati azibwera kudzacheza poti pano m'pakwawo. Iye adavomera ndi mutu.

Kutsidya kwa msewu kudali siteji. Ali pamenepo ankaona zenera lakumapeto, ndi mutu woyera utatsamira pampando. Basi idaima, mnyamata wa pachitseko n'kumufunsa ngati akukwera. Adakwera, nakhala mbali yosayang'ana nyumbayo. Mnyamatayo adamenya denga kawiri, basi n'kunyamuka.

Kunyumba adapeza mng'ono wake atakhala pakhomo, akusenda zipatso.

"Mwawauza?"

"Ndawauza."

Mng'onoyo adamuyang'ana kumaso. Adasuntha pachitseko kuti mkulu wake akhale. Foni ya Kondakitala idali chete m'chikwama, ndalama zake zonse zili momwemo. Iye adakhala pansi, manja ali pamaondo, osadziwa choti awachitire.