Ometa Tsitsi Amene Amafunsa Samu

Bambo ometa tsitsi oyandikana nafe kuno ku Barahona amakhulupirira kuti mutu wa mwana umafunika kuukonza kunja ndi m'kati momwe. Akameta mbali imodzi amazimitsa makina, n'kulemba samu yochulukitsa pagalasi ndi sopo. "Yankho kaye, mbali inayo pambuyo," amatero. Chimene ana sadziwa n'choti eni akewo samu zimenezi sazitha. Amangoyang'ana nkhope ya mwana, ndipo akayankha molimba mtima ndiye kuti wakhoza.

Lamlungu lina ndinapita ndi mwana wanga Wilkin. Atamumeta kumanzere, analemba 348 kuchulukitsa ndi 27. Wilkin anawerengera pagalasi pomwepo n'kupeza 9,396, koma anatchula yankholo mawu akunjenjemera.

"Walakwa, mwana iwe. Bwereza."

Azibambo amene ankasewera domino pakhonde analowa kudzaweruza. Wina anati mwanayo waiwala kusunga faifi, wina anati ziro wa mzere wachiwiri ndi wongokongoletsa. Galasi lonse linayera ndi sopo. Atangogwirizana kuti mwana anakhoza poyamba pomwe, magetsi anathima, ndipo sizasi ya ometawo inali yobuntha.

Lolemba Wilkin anapita kusukulu mutu uli wometedwa theka, chipewa aphunzitsi anamuvula, anabwerako akulira. Ndinapita kukawakalipira ometa aja.

"Musakwiye mayi," anatero. "Samu ija sadzaiwala moyo wake wonse."

"Nanga inuyo yankho lake mukulikumbukira?"

Anasisita mutu wawo pang'onopang'ono. "Ine ndili ndi dazi, mayi. Palibe wondifunsa."