Anawerenga Mitolo, Mkamwini Wanga Anatsala M'phiri

Mkamwini wanga anagona m'phiri masiku atatu ali ndi mwendo wothyoka, uku a ku ofesi ya alendo okwera phiri akundiuza kuti anatsika. Ndilemba monga zinachitikira. Wofuna kutsutsa abwere ku Nkhulambe, andipeza.

Dzina lake ndi Mulipa, mwamuna wa mwana wanga Esitere. Si munthu wofooka. Anapita kunkhondo, anabwerako ndi miyendo yake iwiri. Lolemba la sabata yatha ofesiyo inamulemba ntchito pamodzi ndi anzake khumi ndi mmodzi, kuti asenze katundu wa azungu anayi ochokera ku Limbe. Akuti ankafuna kuona mathithi atadzaza. Mu Januwale muno. Ine ndatsogolera alendo m'phirimo zaka makumi awiri, ndipo sindinakwezepo munthu m'dzinja mitsinje ikukunkhuniza miyala. Koma ofesi tsopano ili ndi kapitawo wake wa m'tauni, wa nsapato ndi wotchi. Njira amaidziwira papepala.

Lachitatu madzulo osenza katundu anatsika. Mulipa sanafike. Mnzake wina, a Namakhwa, ndiwo anadzandiuza. Mulipa anaterereka powoloka mtsinje wachiwiri, mwendo n'kuthyoka m'munsi mwa bondo. Kapitawo analamula kuti amugoneke pansi pa thanthwe, mtolo wake asenze a Namakhwa pamwamba pa wawo, azungu asachedwe pamvula. Anati ofesi ituma machila.

Lachinayi ndinafika ku ofesi 7 koloko m'mawa ndi a Namakhwa. Chitseko chotseka. Kalaliki anatulukira 9 koloko, n'kuyamba kupukuta matope panjinga yake. Ndinapereka moni. Anayankha osandiyang'ana.

Ndinati, "A kalaliki, munthu watsala m'phiri. Ndikufuna machila, chingwe ndi amuna anayi."

Anatsegula buku. "Madala, inakwera mitolo khumi ndi iwiri. Yatsika mitolo khumi ndi iwiri. Ndawerenga ndekha dzulo. Palibe watsala."

"Mwawerenga anthu kapena mitolo?"

"Mtolo sutsika wokha, madala. Mkamwini wanuyo kamufuneni ku Migowi, kumene kuli mowa."

Kale sitinkatero. Munthu aliyense pokwera ankaika mwala wake patsinde pa mkuyu umene uli poyambira njira. Potsika ankauchotsa ndi dzanja lake. Mwala ukatsala, panalibe wopita kwawo. Kapitawo watsopanoyu anati zimenezo n'zachikunja, zimachedwetsa alendo. Ndiye lero tikuwerenga mahema ndi mabokosi a zitini. Bokosi lili ndi mkazi? Hema ali ndi ana?

A Namakhwa anati, "Ine ndinasenza iwiri, bwana kalaliki. Wanga ndi wa Mulipa."

Kalaliki ananyamula pensulo. "Lamulo ndi munthu mmodzi, mtolo umodzi. Ngati munasenza iwiri mwalakwira lamulo, ntchito yanu yathera pano. Ndilembe?"

A Namakhwa anayang'ana pansi. Sindikuwanena. Ali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Machila ndinawaona ndi maso angawa. Anali lende pakhoma la sitolo ya ofesi, ndi chingwe chatsopano pambali pake. Ndinawaloza pazenera. Kalaliki anati kiyi ali ndi bwana wamkulu, ndipo bwanayo waperekeza alendo ku Limbe, abwera Lolemba. Nanga kapitawo? Akuti wagona, ali ndi chimfine. Chimfine. Ndinati tithyole loko, mlandu ukhale wanga. Anati ndikagwira loko ameneyo aitana mesenjala andimange.

Ndinadikira pakhonde mpaka 2 koloko. Mvula inali kuthira. Phiri silinkaoneka, koma linkamveka, kulira kuja kwa miyala ikugubuduzika mkati mwa mtambo. Amayi awiri amene anabisala mvula pakhondepo anayamba kutchula monong'ona Napolo, chinjoka chogumula phiri. Kalaliki anatseka zenera n'kudya mbatata zake.

Lachisanu tinakwera tokha, amuna asanu ndi mmodzi, ndi nsungwi ziwiri, masaka ndi luzi. Mtsinje unatikaniza. Madzi anali ofiira, akunyamula mitengo yathunthu. Tinaitana dzina la Mulipa, palibe woyankha. Loweruka m'mawa madzi atachepako, tinawoloka titamangirirana m'chiuno.

Tinamupeza wamoyo. Thupi lili moto, mwendo utatupa, utada, ukununkha. Ankamwa madzi a mvula m'chipewa chake. Atationa anayang'ana nsungwi zathuzo n'kufunsa, "Apongozi, machila a ofesi aja ndi amenewa?"

Ndinangoti, "Gonani, tikunyamuleni."

Kuchipatala cha mishoni anaudula mwendowo pamwamba pa bondo. Dokotala anati tikanafika naye Lachisanu akanaupulumutsa. Machila ndi chingwe chija akanatipatsa Lachinayi, tikanawoloka madzi asanakwere chotere. Esitere ali ndi ana atatu ndi munda wa chimanga ndi nandolo wosapalira. Apalira ndani? Kalaliki?

Lolemba ndinabwerera ku ofesi. Bwana wamkulu sanatuluke. Anatuma kalaliki yemweyo kudzandiuza kuti pepani, koma wolakwa ndi Mulipa posaponda bwino.

Tsopano ndifunse. Machila otsekeredwa m'sitolo ndi a yani? Ndani analola ulendo m'mwezi uno? Akanathyoka mzungu, kiyi akanadikira Lolemba? Ndikufuna bwanayo ayankhe yekha, pamaso pa Esitere.

Dzulo kapitawo uja anali pamsika wa Migowi, chimfine chitatha, akufuna amuna ena khumi ndi awiri a ulendo wa Loweruka likubwerali. Inu a ku Nkhulambe, a ku Nazombe, mverani. Pamwamba pa mtsinje wachiwiri nthaka yang'ambika. Ndinalowetsamo mkono mpaka m'phewa, osafika pansi, ndipo mukutuluka madzi amatope. Mitengo ya pamenepo yapendekera kumunsi. Njira ya alendo imadutsa pansi pomwepo.

Ndinawauza a ku ofesi. Kalaliki anati za nthaka si ntchito yake.

Amene muli ndi mwamuna, mwana kapena mkamwini wolembedwa ulendo umenewo, mubisireni nkhata yake, akhale pakhomo. Mvula sinasiye.