Tchalitchi cha Agogo Chili Pansi pa Thovu

Tinanyamuka ku Area 25 Loweruka m'mawa, ine ndi agogo aamuna amene anabwera kuchokera ku Nkhotakota. Maso awo achita ng'ala, ndiye asanalekeretu kuona ankafuna kukagwada pomwe panali tchalitchi chakale cha Angilikani ku Kawale, mmene anamangitsira ukwati ndi malemu agogo aakazi. Bambo atafunsa amene akudziwa malowo, ndinakweza dzanja. Sindinkadziwa olo pang'ono, koma tsikulo pakhomo panali ntchito yochapa mabulangete.

Mu minibasi kondakitala anatidula K1,500 aliyense n'kutithithikiza anayi pampando wa anthu atatu.

"Madala, pindani mawondowo!"

"Awa amapindira Mulungu yekha, mwanawe," anatero agogo, basi yonse n'kufa ndi phwete.

Njira yonse ankandisimbira. Tchalitchicho anachimanga anthu a kunyanja amene anadzagwira ntchito m'tauni: makalaliki, akalipentala, ophika. Belu lake linali limu ya lole yopachika pamtengo. Akhristu atachuluka anamanga china chachikulu, chakalecho n'kusiyidwa. Mvula inagwetsa makoma, tauni n'kumeza malowo. Ine ndinkangoti "eee", mtima uli pa chiwaya cha tchipisi.

Titatsika pa depoti tinalowera ku Kawale wapansi. Pulani yanga inali yachidule: khoma lililonse lakugwa, agogo agwade, tidye, tibwerere. Dzuwa litayamba kuwawa ndinalipeza khomalo, kuseri kwa shabini.

"Tafika, agogo. Guwa linali apa ndendende."

Anavula chipewa, anasisita khomalo ndi chikhatho, n'kulikanda ndi chikhadabo.

"Gwada, mdzukulu. Pamalo opatulika saimirira ngati mbuzi. Yambitsa nyimbo."

Ndinagwada pa zitsekerero za mabotolo. Ndinaimba ndime zonse, iwo ali chiimire pamthunzi, akugogoda ndodo pansi. Ndikafuna kudumpha ndime ankandibweza. Oledzera anatuluka, mmodzi n'kumandithandiza besi. Mayi wina wa zitumbuwa anandiponyera ka K100 n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni, abusa aang'ono."

"Ameni," anatero agogo mawondo anga atatheratu. "Njerwa izi n'zootcha. Zathu zinali zidina, dothi lake ndinaponda ndi mapazi angawa. Dzuka, tikafune tchalitchi."

Kuyambira pamenepo wotsogolera anali wa ng'ala, wa maso awiri ndili pambuyo. Masana tinaima pakhonde la telala wina wachikulire wovala kofia.

"Tchalitchi chija belu lake linkatidzutsa kuti tisachedwe ku mzikiti?" anatero telalayo, makina ali chilirire. "Tsetserekani cha kumtsinje. Pano amatsukirapo magalimoto."

Tinapezadi anyamata atatu, wailesi ili pamwamba, thovu likuyenderera mpaka mumsewu. Panalibe njerwa ngakhale imodzi, panalibe mtengo. Agogo anafunsa kotulukira dzuwa, poti guwa linkayang'ana kummawa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka ndodo inagunda tayala la galimoto yofiira.

"Madala, mukufuna chiyani?" anafunsa mnyamata wa payipi.

"Ndinakwatira pansi pa galimoto iyi."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. "Aise, tasuntha galimotoyo," anauza mnzake, iye n'kukazimitsa wailesi. Agogo anagwada m'madzi asopo ndi thalauza lawo la Lamulungu, n'kunena chapansipansi kuti, "Agnesi, ndabwera." Ine, amene ndinamangapo belu la kusukulu ndi sokosi kuti lisalire, ndinangozindikira ndagwada pambali pawo popanda wondiuza.

Madzulo tinadya tchipisi pa depoti, tonse awiri mawondo ali chinyowere. Agogo anathira tsabola wambiri n'kumanamizira iyeyo kuti ndiye akuwalizitsa.

Pakhomo ndinauza bambo kuti ndinawalondolera agogo molunjika, osasochera. Agogo anangotsokomola. Chimene ndaphunzira pa ulendowu n'chakuti munthu wa ng'ala sanamizidwa ndi khoma, poti zikhadabo zake zimaona. Kunama sindinasiye ayi, koma masiku ano ndimayamba ndafunsa mtundu wa njerwa.