Zigoba za Makatoni pa Msika wa ku Domwe

Sewero lokhalo limene a Kasimiro Nkhoma analemba linaima pakati, pa bwalo la msika ku Domwe, ndipo mpaka lero palibe amene analiona kufika kumapeto. Ine ndinalipo. Ndine amene ndinalitayipa.

Imeneyo inali ntchito yanga yoyamba. Nditamaliza sekondale ku Ulongwe, azakhali anga, amene ankaimba kwaya limodzi ndi mkuluyo, anandiuza kuti akufuna munthu wa maso abwino. A Nkhoma anaphunzira Chigiriki ku seminale ali mnyamata. Unsembe anausiya, n'kuphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma ntchito. Pamene ndinkawadziwa, maso awo anali atayamba kuchita khungu.

M'mawa ndinkawawerengera zimene analemba kale pamanja, iwo n'kumakonza pakamwa, ine n'kumatayipa. Kompyuta yawo inali yakufa batire, moti magetsi akathima ndime yonse inkapita. Ndinazolowera kusunga ntchito pa fulashi ndime iliyonse ikatha. Zilembo za Chigiriki sindinkadziwa pozipeza, choncho ndinkasiya mpata n'kuzilemba ndi cholembera tikasindikiza, iwo akundijambulira m'malere ndi chala.

Zolemba zawo zonse zinkazungulira mfundo imodzi. Mizinda ya Agiriki akale inali yoyandikana, ya chilankhulo chimodzi, koma uliwonse ndi boma lake, ndipo inkamenyana. Anthu ake ankasonkhana pabwalo kuonera masewero a mafumu ndi amithenga, osewera atavala zigoba kumaso.

"Kazembe aliyense ndi wosewera, Luziya," ankatero kwa ine. "Amavala nkhope ya dziko lake. Mtendere umayamba tsiku limene waivula."

Anafuna kuti mfundoyi aimve alimi, osati ophunzira okha. Analemba sewero m'Chinyanja, la mizinda iwiri yomwera mtsinje umodzi, wakumtunda utatseka madzi. Anasankha Domwe chifukwa kumeneko alimi a kachewere a mbali zonse za malire athu ndi Malawi amakangana za madzi othirira chilimwe chilichonse. Anali ndi changu. Dokotala anali atawauza kuti kuwala kotsalako sikukhalitsa, ndipo iwo ankafuna kuliona sewerolo ndi maso awo.

Zigoba tinazipanga ndi makatoni a sopo, kumata ndi phala la ufa wa chinangwa, kupaka laimu ndi mwaye. Osewera anali anyamata a kwaya, tonse ana a m'tauni, a m'mabanja a mpingo. Palibe amene analowapo kudambwe, kumene amuna amaphunzira za gule wamkulu. Tsiku lina pokonzekera wina anati zigobazo zikufanana ndi za gule. Tinaseka, a Nkhoma anaseka, tinapitiriza.

Tinapita pa tsiku la msika, zigoba zili m'thumba pansi pa mpando wa chapa, minibasi ya kwathu kuno. Anthu anali ambiri, ena atabwera ndi njinga kuchokera kutsidya, ku Malawi. Osewera atatuluka kuseri kwa golosale, ana anathawa, amayi anabwerera m'mbuyo n'kuima patali. A Nkhoma anandigwira mkono.

"Ukuona? Akulabadira."

Gawo loyamba linayenda bwino. Kazembe wa mzinda wakumtunda atanena kuti madzi ndi a amene ali pafupi ndi kasupe, bambo wina anakuwa, "Ameneyo ndi mlamu wanga weniweni!" Msika wonse unaseka, akuno ndi akutsidya omwe.

Kenako panafika malo amene a Nkhoma analembera sewero lonse. Benedito, amene ankasewera kazembeyo, anaima pakati pa bwalo, n'kuvula chigoba pang'onopang'ono monga tinamuphunzitsira, kuti alankhule ngati munthu wamba. Anapukuta thukuta, n'kuyang'ana kumene kunali amayi.

Kuseka kunatha. Amayi anaphimba kumaso ndi zitenje, ena anatembenuka kupereka msana. Amuna angapo anaimirira. Bambo wina wachikulire wogulitsa kachewere, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi a Chimkwende, anayenda mosafulumira, n'kuvula jekete lake, n'kuphimba chigoba chili m'manja mwa Benedito.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "kuno chilombo sichivula nkhope amayi ndi ana akuona."

"Si gule ameneyu, achimwene. Ndi makatoni a sopo."

"Makatoni ndi kwa inu. Ana awa mawa akaona gule pamaliro, adzati m'katimo muli Benedito."

A Nkhoma anapempha kuti angomaliza, pakuti panatsala gawo limodzi lokha, la akazembe awiri akukhala pansi kugawana madzi. A Chimkwende anapukusa mutu, ndipo sankaoneka okwiya.

"Nkhani ya madziyo timaifuna, aphunzitsi. Mukanayamba mwatifunsa."

Zigoba zonse anaziika m'thumba la kachewere n'kupita nazo. Anthu anabwerera ku malonda awo. Akutsidya anakwera njinga zawo.

Tinakwera chapa kubwerera. Titayandikira Ulongwe, a Nkhoma anafunsa ngati Benedito anavula bwino. Ndinati anavula bwino kwambiri.

"Ine ndinangoona choyera chikutsika," anatero.

Mvula ya chaka chimenecho isanathe, maso awo anali atatsekeratu. Ndinawatayipirabe kwa kanthawi, koma za sewero sanazitchulenso, ndipo ine ndinapeza ntchito ya utolankhani ku Tete. Chimene ndinatenga kwa iwo ndimachigwiritsa ntchito mpaka pano. Ndisanalowe m'mudzi ndi chinthu chilichonse, kaya kamera, kaya funso, ndimayamba ndafufuza ngati chinthucho chili kale ndi eni ake kumeneko. A Nkhoma anathera moyo wawo kuphunzira mmene maiko oyandikana amalankhulirana, ndipo tonse tinaiwala kutuma mthenga ku Domwe, ulendo wa chapa imodzi.

Mwezi watha ndinakawaona. Avomera, monyinyirika, kuti sewerolo liwerengedwe pa wailesi ya m'dera lathu chilimwe chikubwerachi, nthawi yothirira ikayamba. Pa wailesi palibe nkhope yovula, choncho Benedito, amene tsopano ndi bambo wa ana, adzangotsitsa mawu akafika pamalo paja. A Nkhoma adzamvera ali pakhonde pawo. A Chimkwende atumiza mawu kuti tidzawauze tsiku, chifukwa akufunabe kudziwa mmene madzi aja anagawidwira.