Madzi Amene a Fanizo Anamana Mng'ono Wawo

M'katawuni kathu ka m'mbali mwa Shire, a Fanizo ndiwo amasamala maiwe a zonyansa. Mapaipi a zimbudzi za kuchipatala, kusukulu ndi m'nyumba za mabwana amakathira kumeneko. Zonyansazo zimadikha m'dziwe loyamba, madzi n'kusefukira m'dziwe lina, kenako m'dziwe la bango, mpaka atuluke oyera kupita kumtsinje. Ntchito ya a Fanizo ndi kutchetcha udzu, kuvuula zinyalala ndi kumata khoma la dothi pamene nkhanu zaboola.

Ine ndimakhala moyandikana nawo, ndipo chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu amene zimbudzi zawo zimathira kumeneko ndi omwewo amagwira mphuno a Fanizo akamadutsa. Iwo sadandaula, amangopalasa njinga yawo n'kumapita.

Anali ndi mng'ono wawo, Lorenso, amene anamulera okha makolo atamwalira. Dimba la Lorenso linali kumunsi kwenikweni kwa maiwewo. Chaka china kunagwa chilala choopsa. Dziwe la bango linaphwa n'kutsala matope okhaokha, lodzaza linali loyamba lokha, la zonyansa zosasefeka. Chimanga cha Lorenso chitayamba kufota, iye anafika kumaiweko khasu lili paphewa.

"Achimwene, ndiboole pang'ono apa. Kangalande kakang'ono basi. Madziwa angokhala, ine chimanga chikupsa."

"Iwe Lorenso, awa si madzi," anatero a Fanizo. "Ukaboola, adutsa m'dimba mwako n'kutsikira kudooko kumene amayi amatunga. Ukufuna kolera atithere ana?"

"Nanga anga si ana? Adya chiyani?"

Lorenso anakweza khasu kuti ayambe kukumba. A Fanizo anamulanda n'kuliponya kutali, anyamata oweta mbuzi akuona, ena akuseka. Munthu wa banja lake kulandidwa khasu ngati mwana! Lorenso anakatola khasu lake n'kumapita.

Chimanga chinauma chonse. Lorenso anatenga mkazi wake Clotilda ndi ana, nawoloka mtsinje kupita kwa apongozi ake ku Mozambique. Sanatsanzike.

Pa nkhani ya madziyo a Fanizo sanalakwe, ndipo ndinganene zimenezi pamaso pa aliyense. Chaka chimenecho kumidzi ina anthu anatsegula m'mimba koopsa, koma kudooko kwathu amayi anatunga mwamtendere, osadziwa n'komwe amene anawatchinjiriza. Pamene ndimakangana nawo ndi pa zimene zinatsatira. Kutsidya si kutali, bwato limawoloka tsiku lililonse. Ndinkawauza kuti, "A Fanizo, pitani mukamuone mwana uja." Iwo ankati apita mvula ikatha. Mvula ikatha ankati udzu wakula kumaiwe. Tsiku lina anandiyankha mokalipa kuti wamng'ono ndiye ayenera kuyamba kupepesa. Ankangotuma moni kudzera mwa ogulitsa nsomba akutsidya obwera ku Bangula, ndipo yankho silinkabwera. Zaka zinapita motero, ana a Lorenso n'kukula osawadziwa abambo awo aakulu.

Uthenga woti Lorenso wadwala kwambiri unafika mvula ili pakati. Maiwe anali atadzaza mpaka m'milomo, khoma likung'aluka. A Fanizo anaima panja pa nyumba yanga, atanyowa thupi lonse.

"Ndikachoka, khomali ligumuka, zonsezi zilowa m'mudzi," anatero. "Andidikire pang'ono, ndibwera."

Anakhala masiku akusanja matumba a mchenga, ndipo khoma silinagumuke. Madzi atatsika, anavala jekete lawo la kutchalitchi, nagula shuga ndi buledi, ine n'kuwaperekeza pabwato. M'njira monse ankayeserera mawu oti akanene, akundifunsa ngati ayambe ndi za khasu kapena angofunsa za matenda. Ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha chotero, ndipo ndinawamvera chisoni.

Tinapeza Clotilda atakhala pamphasa, mutu wometa. Maliro anali ataikidwa dzana lake. A Fanizo anakhala pansi, jumbo ya shuga ikadali m'manja. Kenako anafunsa kuti:

"Alamu, ananenapo kanthu za ine? Ngakhale mawu oipa, ndiuzeni."

Clotilda anawayang'ana mwachifundo, napukusa mutu.

"Ayi alamu, sindingakunamizeni. Sanakutchuleni."