Nyumba Yaikulu ya Kunama

Ndinadzuka kusanache, msana uli gwa chifukwa chogona pansi. Amayi amene tinachezera nawo pa siwa anali atagona pa matiresi m'chipinda chochezera, zitenje atafunda pamwamba pa majekete. Nyimbo zinali zitatha kalekale. Amuna anali kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, ndipo mkonono wawo unkakwera ndi mpweya wotenthetsa nyumba. Nyumbayo ndi ya achimwene anga, ku Oshawa, m'dziko la Canada. Thupi lawo silinagone nafe. Kuno mtembo umagona kwa osunga maliro, ife n'kumalirira chithunzi chili pa tebulo.

Ndinalowa m'galaja kuti ndiyatse mbaula za gasi amayi ophika asanadzuke. Ndinapeza Tadala ataima pambali pa njinga yamoto ya bambo ake, akulankhula yekha. Tadala ndi mwana yekhayo wa achimwene, mtsikana wa ku koleji, wobadwira konkuno. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho wachibale amene watsala naye m'dziko lino ndine ndekha. Chichewa chake ndi cha "zikomo" ndi "ndili bwino", basi. Achimwene ankati Chichewa sichilembetsa ntchito, ndipo anthu akwathu akhala akumuseka mwanayo nacho kuyambira ali kakhanda. Pamene anaimapo ndi pomwe bambo ake anagwera sabata yathayo akufunditsa njingayo nsalu kuti idikire chisanu chithe. Mtima wawo unangoima, n'kumwalira pomwepo.

Anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga kuti akufuna kulankhula kumanda, m'chilankhulo cha bambo ake, kamodzi kokha, pamaso pa anthu onse aja. Anati ndimumvere ngati akukhoza. Anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kuyamba.

"Bambo anga ankakonda kunama. Ku Malawi anali ndi nyumba yaikulu ya kunama. Anandiphunzitsa inenso kukonda kunama."

Machesi anandigwa m'manja. Ankafuna kunena kuti kanema. Ndinamufunsa kumene anawamva mawuwo. Anati sanafunse munthu, anangowatola yekha. Nthawi zonse adadi ake akayamba kusimba za nyumba yawo ya mafilimu ya ku Malawi, amalume ndi aanti onse ankayang'anana n'kumati chapansipansi, "kunama, kunama". Iye anadziwa kuti ndilo dzina lake la malo oonerako mafilimu.

Zoona zake ndi izi. Kwathu pa Lizulu panali chisakasa cha mwini golosale wina, makoma a bango, khomo lake bulangete. M'kati munali mabenchi a matabwa, TV imodzi pamwamba pa mgolo, jenereta ikulira kuseri. Achimwene sanali mwini wake. Ntchito yawo inali kuima pambali pa TV ndi kumauza anthu zimene azungu ndi Matchaina a m'filimu akunena. Chingerezi chawo nthawi imeneyo chinali chotolatola, ndiye ankangopeka. Munthu akasolola mfuti, iwo amvekere, "Iwe, bweza nkhuku ya amayi anga!" Anthu ankaseka mpaka kugwa pa benchi. Ine ndinkalowa ulere, n'kukhala kutsogolo ndi chimanga chootcha, fungo la petulo ndi thukuta lili guu, ndipo mpaka lero sindinapeze malo okoma ngati amenewo. Koma atafika ku Canada chisakasa chija chinayamba kukula. Chinamera nsanja, mipando yofiira, magetsi pakhomo, ndipo chinakhala chawo. Aliyense wakwathu ankadziwa, kupatula mwana wawo.

Bodza limenelo ndinalibe nalo mlandu. Limene linandikhala pakhosi ndi lina. Amayi athu anamwalira mu July, akuitana dzina la mwana wawo wamwamuna. Achimwene anaimba foni kuti ndege zonse zaima chifukwa cha sinowo, chisanu choyera chogwa ngati mvula. Ife pa Lizulu mu July mano amagundana ndi kuzizira, ndiye tinakhulupirira, mpaka abusa anawapempherera kuti asaume ndi chisanu kumene ali. Nditabwera kuno kudzagwira ntchito yosamala okalamba, July woyamba thukuta linanditsika mpaka m'maso. Ndipo m'galaja momwemo ndinapezamo njinga yamoto imene anagula chaka chimene amayi analowa m'manda. Sindinawafunse, iwonso sanapepese. Tinkadyera limodzi Khirisimasi ngati anthu.

Tadala ankandiyang'ana, akudikira. Kukonza kwake kunali kwa mpweya umodzi wokha. Ndinatola machesi, n'kuyatsa mbaula.

"Wakhoza, mwanangu," ndinatero.

Kutacha, galaja inadzaza utsi ndi amayi. Mpunga, nkhuku, nyemba, kabichi, zonse m'mapoto obwereka. Chitseko tinachitsekula pang'ono kuti tisakomoke, ndipo mphepo ya Novembala inkalowa n'kumatiluma akakolo. Kumwamba kunali bii, kamvula kakuwaza kosadziwika ngati ndi mvula kapena sinowo. Magalimoto anayamba kufika, a ku North York, a ku Etobicoke, ena ochokera kushifiti ya usiku ali ndi mayunifomu a kuchipatala m'kati mwa majekete. Anadzaza msewu wonse mpaka mzungu woyandikana nafe anatuluka, n'kuima pakhonde atapinda manja. Panabwera Asilamu a ku Mangochi ndi zipewa zawo, panabwera a ku Zambia. Maliro n'kulirana, ndipo anthu analiradi polowa pakhomo. Akangodutsa pakhomopo ankafunsana za njinga, kuti igulitsidwa kodi, nanga yayenda mtunda wautali bwanji. Bambo wina anafika poikwera n'kujambulitsa.

Kutchalitchi zonse zinayenda mwa dongosolo. Bokosi linali lotsekula, achimwene ali m'suti imene sindinawaonepo atavala, nkhope atawapaka mpaka kuoneka ngati munthu wa pa kalendala. Wowerenga mbiri ya malemu anatchula sukulu, ulendo wa ku Canada, zaka za kufakitale ya zitsulo za galimoto. Za kanema analumpha, ndipo ndinaona amuna awiri akugwirana zigongono.

Manda ali kunja, kupitirira Oshawa cha kum'mawa, m'katawuni momwe malo savuta. Tinanyamuka pamdipiti, galimoto ya maliro patsogolo, tonse magetsi akuphethira. Ine ndi Tadala tinakhala kumbuyo kwa galimoto yachiwiri. Milomo yake inkayenda, akubwereza mawu ake aja.

Msewu umenewo ndinkaudziwa. Achimwene anandikwezapo kamodzi pa njinga yawo, chilimwe china, nditavala chipewa chachitsulo chonunkha mutu wa eni ake. Umenewo ndiwo unali mtima wawo Loweruka lililonse kukafunda: kuyenda m'timatawuni ting'onoting'ono kufunafuna nyumba zakale za kanema. Sankalowa. Zambiri zinali zotseka. Ina inasanduka sitolo ya mipando, ina tchalitchi, ina inangokhala ndi mapepala omata pa magalasi. Ankaimika njinga tsidya lina la msewu, n'kuvula chipewa, n'kumayang'ana chikwangwani chopanda zilembo ndi kawindo kogulitsirapo matikiti. Pa ina anandiuza kuti ndisuzumire pa mng'alu wa chitseko. Ndinaona mizere ya mipando yofiira yodzaza fumbi, ndipo ndinadziwa kumene mipando ya pa Lizulu inachokera. Iwo anangoti, "Mlongo, kumakhala anthu muno, akuseka pamodzi mumdima." Maso awo anali atanyowa. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwakhululukira, koma pobwerera ndinakhala pa mpando wa njinga ija, ndipo ndinakumbuka chimene chinagulidwa m'malo mwa tikiti ya ndege.

Mdipiti wathu unadutsa pa nyumba yomweyo. Tadala anandigwira dzanja, n'kuloza. Anati iye ndi adadi ake anaimapo chilimwe chathachi, akudya ayisikirimu, ndipo anamuuza kuti yawo ya ku Malawi inali yaikulu kuposa imeneyi. Anati tsiku lina adzapita kukaiona. Dzanja lake linali lozizira, zikhadabo zolumidwa. Mawu aja anafika pa lilime panga, ka-ne-ma, ndinawamva ndithu. Ndinayang'ana kunja.

Kumanda tinapeza dzenje lokumba ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira ngati ndi chinthu chochititsa manyazi. Azungu awiri a pamandapo anaima patali ndi kathirakitala kawo, akudikira kuti timalize. Mphepo inali yolasa. Amayi a mpingo anaimba nsagwada zikunjenjemera. Mafoni anali m'mwamba mbali zonse, chifukwa abale kumudzi ankafuna kuonera. Bokosi litatsika pa malamba ake, woyendetsa mwambo anati mwana wa malemu ali ndi mawu.

Tadala anabwera kutsogolo, anapinda maondo pang'ono monga amaonera kwa ife, n'kuti, "Zikomo nonse." Anthu anati, "Eee!" mokondwa, ndipo mafoni anasendera pafupi.

"Bambo anga ankakonda kunama."

Wina anatsokomola. Kumbuyo, kwa amuna, kunamveka kamphuno ngati mpira ukuphwa.

"Ku Malawi anali ndi nyumba yaikulu ya kunama."

Apo ndiye zinaphulika. Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, moti wodutsa akanati akulira. Amuna sanabise n'komwe. Mkulu wina wa ku Zambia anati mokweza, "Mwana wakamba zoona uyu!" Wina anagwira mwala wa pamanda a mzungu kuti asagwe. Tadala anaima, anamwetulira pang'ono ngati munthu amene akuganiza kuti anthu akumbukira zabwino, n'kutembenukira kwa ine. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga.

"Anandiphunzitsa inenso kukonda kunama."

Abusa anatseka pakamwa ndi Baibulo. Mayi wina anakuwa, "Ameni!" ndipo phwete linayambiranso. Azungu a kathirakitala aja anayang'anana. Mwanayo anamaliza ndi mawu amene sanandiuze m'mawa muja, "Pitani bwino, adadi," ndipo anawatchula bwinobwino, koma palibe anamva.

Ine sindinaseke, koma musandiyamikire. Mumtima munali mbee. Mlandu suwola, ndinatero chamumtima, ndipo achimwene anaikidwa ndi mbiri yawo yeniyeni, yochokera pakamwa pa mwana wawo. Kukoma kumeneko kunatha dothi loyamba litagunda bokosi. Amene anali m'bokosimo sanamve kalikonse. Amene anamva anali mwanayo, ataima pamphepo, duwa lili m'manja, akuyang'ana nkhope imodzi imodzi.

Kuholo ya tchalitchi anthu anadya ngati pa ukwati. Sindinaonepo maliro a chimwemwe chotere. Amayi ankamuitana Tadala, kumutsina tsaya, "Bwera kuno, mwana wa a Kunama, tanenanso!" Iye ankangoti zikomo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamukokera pambali. Mafoni anayamba kulira pa matebulo. Kavidiyo kaja kanali katafika kale ku Lilongwe ndi ku Joni, n'kubwerera kuno katavala tinkhope toseka. Pa ngodya panali achinyamata obadwira kuno, ataunjikana pa foni imodzi. Mtsikana wina anapita kukafunsa mayi ake kanthu, anabwerera, n'kunong'oneza anzake. Onse anatembenuka kumuyang'ana Tadala. Ine ndinanyamula mapoto kupita nawo kugalimoto.

Madzulo nyumba inatsala ya awiri. Matiresi anali ataunjikidwa pakhomo kudikira eni ake, pansi pali matope a nsapato ndi njere za mpunga. Chithunzi cha achimwene chinali pa tebulo pomwe paja, kandulo itazima. Kunja kamvula kaja kanali katasanduka sinowo weniweni, woyamba wa chaka chino. Ndinkatsuka makapu pamene chitseko cha kugalaja chinatsekuka. Tadala analowa, chipewa cha njinga cha bambo ake chili m'khwapa, foni ili m'dzanja, ikuwala. Maso anali ouma. Anandifunsa m'Chingerezi, mofatsa, chifukwa chimene anthu anasekera.

Ndinapukuta manja pa chitenje. "Anakondwa, mwanangu," ndinatero. "Kwathu munthu akalankhula bwino pa maliro, timaseka."

Anandiyang'ana ndi maso a bambo ake.

"Anti," anatero pang'onopang'ono, ngati mwana wobadwira pa Lizulu, "mukunama."

Anakwera masitepe, chitseko cha kuchipinda n'kutsekeka, kiyi n'kulira. M'nyumba monse munangotsala phokoso la filiji. Ndinawatembenuza mawu akewo uku ndi uku, ndipo munalibe chokonza.